Phazi la Cosmas pa Khoma la Tabeth

Mvula ikatha ku Mnkhanya, mapira amene njovu zasiya atalowa m'nkhokwe, amayi amatembenukira ku makoma a nyumba zawo. Amamata pamene pakokoloka, nkuzira bwinobwino, ndipo amene ali ndi dzanja labwino amalembapo maluwa. Masiku amenewo tsidya la Luangwa linali gemu rizevu, malo otetezera nyama zakutchire, asanayambe kulitchula kuti paki, ndipo dzanja labwino koposa m'mudzimo linali la Tabeth, mkazi wa Cosmas. Za sukulu musandifunse. Anapitako pang'ono, anaphunzira kulemba dzina lake, kenako chaka china mtsinje unadzaza, sukulu yake nkuthera pomwepo.

Utoto wake wonse unali wotola pansi. Wakuda ankautenga ku makande a kudambo, wofiira pa chulu china cha m'mbali mwa msewu, woyera pa gombe la Lupande pamene madzi anagumula. Ankausungunula m'mapale nkuusefa pa kansalu. Cholembera chinali kamtengo kotafuna kunsonga, ndipo pofuna mzere woonda ankazula nthenga ya nkhuku iliyonse imene yachita tsoka lodutsa pafupi. Ankalemba nkhanga, maluwa, nsomba, nthawi zina anthu. Anthu akewo anali ngati a pa makoma ena onse m'mudzimo: oima chilili, oyang'ana kumbali, manja awiri ofanana, miyendo iwiri yofanana. Palibe amene ankadandaula, poti munthu amaoneka choncho basi.

Cosmas anali sikauti wa gemu, mlonda wa nyamazo. Ankakhala kumsasa tsidya la mtsinje, kuyendayenda m'tchire ndi mfuti pa phewa, ndipo kunyumba ankangobwera mwa apo ndi apo. Tabeth anali wa mudzi wina. Mwamuna wakeyo anachita kumupempha kwa abale ake kuti adzakhale kwawo, kufupi ndi pa doko, kotero masiku ambiri ankakhala yekha ndi mwana wawo Dolly pakati pa abale a mwamuna. Ankamusowa Cosmas, ndipo sankachita manyazi kudziuza zimenezo. Chithunzi chake analibe. Ojambula ndi kamera anali ku Fort Jameson, ndipo ndani akanakwera mapiri onsewo kukangoimira kamera?

Ndiye chaka china anamulemba pa khoma loyang'ana kunjira, ndi chipewa chake ndi mfuti yake. Mudzi wonse unayamikira. Ngakhale Priscilla, mlongo wake wamkulu wa Cosmas, mayi wosachedwa kupeza cholakwa, anaima nkunena kuti, "Eya, uyu ndi iyeyo." Koma Tabeth akachiyang'ana chinthucho mtima unkamuwawa. Uwu ndi mtengo wovala chipewa, ankatero mumtima, mwamuna wanga sali chonchi.

Iye ankamudziwa Cosmas wina. Mwamunayo akatulukira pa mitengo ya tsanya kumapeto kwa mudzi, Tabeth ankathamangira kumalire a bwalo nkugwada kuti alandire chola, monga amachitira mkazi woleredwa bwino. Tsono munthu wogwada amaona zake. Choyamba kufika chinali phazi, jombo yaikulu yafumbi itatukuka, kenako bondo, kenako dzanja lopereka chola, chikhatho chachikulu kuposa nkhope, mkono wonse utabisala kuseri kwa chikhathocho. Mutu unali kumwamba uko, waung'ono, ukumwetulira. Ameneyu ndiye ankamufuna pa khoma, mwamuna amene akubwera kwa iye, kuti ngakhale miyezi ipite azimuona akufika.

Anayesa kuseri kwa khitchini, pa mchenga, ndi kamtengo. Ha, zinali zoseketsa! Maso ankanena china, dzanja nkumachita china. Dzanja linkadziwa kuti mikono ya munthu ndi yofanana, ndipo linkakana kunama. Akati afupikitse mkono, munthuyo ankaoneka wolumala. Akati akulitse phazi, ankaoneka ngati wapondera m'chidebe. Ankafafaniza ndi phazi lake, kutukwana pang'ono, nkupita kukatunga madzi.

Chimene chinamutsegula maso ndi Landirova ya a gemu. Tsiku lina m'mwezi wotentha uja galimotoyo inabweretsa Cosmas mpaka pamudzi, ndipo itangoima pansi pa mvunguti inayamba kufuka nthunzi ngati yapsa. Dalaivala wake, Langford, munthu wa nthabwala, anatuma Cosmas kukatunga madzi othira mu injini, ndipo ataona Tabeth akusuzumira anati, "Kwerani alamu, mukhale pampando wa abwana. Lero ndinu a wadeni." Tabeth anakwera akuseka. Galasi la kutsogolo linali mbuu ndi fumbi, kunja ndi m'kati momwe.

Pomwepo Cosmas anatulukira kuchitsime, ndowa ataitambasulira kutsogolo kuti isamudonthezere pa yunifomu. Tabeth anamuona kudzera pa galasi lafumbilo, ndipo osaganiza nkomwe anaika chala pa galasi, pomwe panali ndowa, nkuyamba kutsata m'mphepete mwake. Ndowa inkasuntha. Anatsinzina diso limodzi, zinthu nkukhazikika.

"Imani pomwepo, bambo a Dolly!" anakuwa. "Musasunthe!"

"Kwagwanji? Njoka?"

"Imani basi. Mwendo womwewo."

Cosmas anaima, mwendo umodzi uli kutsogolo, ndowa ikumulemera, akufunsa Langford ngati mkazi wake wamwa chiyani. Tabeth anatsata ndi chala: ndowa, chikhatho, phewa, chipewa, bondo, jombo. Sanafunse dzanja lake maganizo, anangolondola zimene zinali pa galasi. Atamulola mwamunayo kuchoka, pa fumbi panatsala munthu. Ndowa inali yaikulu kuposa chifuwa chake. Mkono unali kachidutswa chabe pakati pa ndowa ndi phewa. Koma sanali wolumala ayi, anali kubwera. Langford anafika ndi chisanza nkupukuta zonse, akudandaula kuti abwana akaona zala pa galasi amulalatira. Tabeth sanadandaule, poti anali ataona kale.

Galasi analibe, ndiye anapeza njira zake. Ankathyola kaudzu, kukagwira mkono uli chitambasulire, kutsinzina diso limodzi, nkuyeza ndi chala chachikulu: mutu wa uje ndi wotere, chikhatho chake chimene chili pafupi ndi chotere. Ankayeza amayi akusinja, abambo akuponya ukonde, munthu akudumpha ngalande. Anthu anayamba kumufunsa ngati diso likumuvuta, ndipo wina anamubweretsera mankhwala odonthezera. Anazindikira kuti polemba munthu woyenda suyamba ndi mutu. Umayamba ndi mzere umodzi wa msana, wopindika monga wapindikira mwini wake, kuchokera pakhosi mpaka ku mwendo umene wanyamula thupi. Mzere umenewo ukauma, munthu yense auma. Pa mzerewo ankaikapo mtsuko kukhala chifuwa, chipanda kukhala chiuno, ndipo mikono ndi miyendo ankaiona ngati zipatso za mvunguti zolumikizana. Chipatso chikakuloza ndi nsonga yake, umangoona kuzungulira kwake, kutalika konse kwabisala.

Chovuta kwambiri chinali kusamvera chisoni zimene zabisika. Chigongono chikapita kuseri kwa chikhatho, chapita, usachikokere pambali kuti anthu achione. Anazindikiranso kuti njira imakhala yotakata pa mapazi ako nkumapanikizika ikamapita kutali, ndi kuti mitengo ya kumapeto kwa mudzi ingakwane pa chala chimodzi. Zonsezi anaziphunzira pa mchenga, chilimwe chathunthu ndi dzinja lomwe, nyemba zikupserera pamoto kangapo.

Mvula yotsatira itatha anazira khoma loyang'ana kunjira, kukwirira mtengo wovala chipewa uja, nkulemba Cosmas wa msinkhu wa munthu weniweni. Jombo inali pansi, yaikulu, ikuoneka ndi kunsi komwe. Chola chinali kutsogolo, njira ikuthawira kumbuyo kwake mpaka pa timitengo ta tsanya. Atamaliza anabwerera m'mbuyo, anagwada pamene amagwada nthawi zonse, ndipo anaseka yekha ngati mwana. Sanakhalepo wokondwa chotero ndi ntchito ya manja ake.

Priscilla anafika dzuwa litapendeka, dengu lili pamutu.

"Mwaswera bwanji, mlamu?"

"Ndaswera bwino, kaya inu alamu?"

Priscilla anatula dengu pang'onopang'ono, maso ali pa khoma.

"Ichi nchiyani?"

"Ndi bambo a Dolly. Akubwera."

"Mlongo wanga ine? Ndinamubereka kumsana munthu ameneyu, ndikudziwa thupi lake. Ali ndi mikono iwiri yofanana. Uwu mkono mwaupititsa kuti?"

"Ulipo, alamu, wangobisala kuseri kwa chikhatho. Onani, munthu akakulozerani dzanja chonchi..."

"Nanga phazi latupiranji? Mayo ine! Munthu ali pakati pa njati ndi ng'ona, akugona m'tchire, inu muli pano kumudula mkono ndi kumutupitsa mwendo pa khoma, poyera, aliyense akuona? Mukumuitanira chiyani?"

"Tagwadani apa muone mmene ndimamuonera ine."

"Ndigwadire khoma? Mlamu, mutu uli bwino?"

Tsono musamuseke Priscilla. Amayi awo anamwalira Cosmas akuyamwa, ndipo anamulera ndi iyeyo. M'mudzimo munali bambo amene ng'ona inamusiyira kachidutswa ka mkono, munalinso gogo wa mwendo wotupa ngati mtondo. Zimenezo ndi zimene Priscilla anaona pa khomalo, ndipo mantha ake anali enieni. Pofika madzulo nkhani inali itazungulira mudzi. Anthu ankabwera, kuima patali, kupukusa mitu. Ena ankati mkazi wobwera uyu watopa ndi banja. Mayi wina anakoka mwana wake kuti asayang'ane.

Ndiye tsoka lake, pamene Cosmas anabwera kunyumba ulendo umenewo, anabwera akutsimphina. Munga unaboola jombo yake yakutha nkulowa m'phazi, phazilo nkutupa. Munga chabe! Sikauti aliyense m'chigwachi analasidwapo ndi munga. Komanso phazi lotupalo linali lamanzere, pamene la pa khoma linali lamanja. Tabeth ananena zimenezo kawiri, katatu, koma ndani akanamumvera? Priscilla anakhala pa khonde lake akulira mokweza kuti mkono ndiwo watsala.

Cosmas anamva zonse, za uku ndi za uko. Anthu atabalalika anatsimphina kupita pa khomalo nkuima. Anapendeketsa mutu uku, anapendeketsa uko. Zinali zoonekeratu kuti naye sakuona kanthu koma chilema. Kenako phazi linamupweteka, anakhala pansi pa bwalo pomwepo kuti alipumitse, nkukweza maso.

"Aa," anatero. "Ndikubwera ndithu."

"Eya."

"Amake Dolly, kodi mumandiona chonchi ine?"

"Nthawi zonse."

Anayang'ana nthawi yaitali, akusisita phazi lake. Tabeth ankadikira kuti aitane mlongo wake, aitane mudzi wonse, awakhazike pansi mmodzimmodzi. Koma Cosmas anali munthu wosakonda phokoso, ndipo mlongo wakeyo anali ngati mayi ake.

"Ndi chabwino," anatero motsitsa mawu. "Sindinaonepo chotere. Koma Priscilla sakudya, sakugona. Ine ndikabwerera kutchire, inu mutsala nawo anthu awa, ndipo ndikadzangopunthwa chala adzati ndinu. Chifafanizeni."

Tabeth anapsa mtima kwambiri. Bola akanati ndi choipa! Koma kuona, kuvomera, kenako nkuti fafanizani, zimenezo zinamulasa koposa mawu onse a Priscilla. M'mawa mwake anasungunula makande nkuzira khoma lonse ndi manja ake, kuyambira ku chipewa mpaka ku jombo, ndipo litauma analembapo nkhanga zondondozana, zonse zoyang'ana kumbali. Tabeth ankamupatsabe mwamuna wake madzi osamba ndi chakudya pa nthawi yake, atagwada monga mwa masiku onse, koma mawu okha ayi.

Phazi litapola, tsiku loti abwerere kumsasa, Cosmas anamuitanira kuchipinda. Anagogoda khoma la kumutu kwa mphasa ndi chala.

"Khoma ili lilibe kanthu," anatero. "Ndipo muno mlongo wanga sangalowemo."

Zinali zoona. Mlongo salowa kuchipinda kwa mlongo wake wokwatira, ngakhale nyumba itayamba kupsa amaima pakhomo nkumakuwa. Tabeth anayang'ana khomalo nkhope ili gwa.

"Muno ndi mumdima."

Cosmas anatenga kankhwangwa, anakwera pa mpando, nkuboola kabowo pansi pa denga, kotha kulowa nkhonya. Kuwala kunagwera pa khoma ngati kansalu koyera. Anatsika, anatenga chola chake, anakaima pakhomo la chipinda nkutukula mwendo umodzi, chola atachitambasulira kutsogolo.

"Fulumirani," anatero, "a Langford sadikira munthu."

Tabeth anayesetsa kuti asaseke, koma zinakanika.

Kuyambira pamenepo, chilimwe chilichonse, kunja ankalemba nkhanga ndi maluwa, m'kati nkulemba Cosmas. Wakale sankamufafaniza, ankangopeza malo pambali pake. Rizevu ija inasanduka paki, ku Mfuwe kunayamba kutera ndege, malo ogona alendo anachuluka, Dolly anakula nakwatiwa ku Chipata, ndipo m'chipinda muja a Cosmas ankachulukirachulukira. Panali Cosmas wa pa njinga, gudumu lakutsogolo lalikulu ngati lichero. Panali wina akudumpha ngalande, bondo lili pa chibwano, wina atawerama kumasula jombo, kumangooneka pamwamba pa chipewa ndi mapewa. Malo atachepa anayamba kulemba ang'onoang'ono m'mipata, ooneka ngati akadali kutali pa njira. Cosmas atapuma ntchito, ndevu zitayera, Tabeth anamulemba ndi ndodo yake, nsonga ya ndodo ili kutsogolo. Mkuluyo ankaimabe ndi mwendo umodzi akauzidwa, akung'ung'udza kuti msana wake si wa mnyamata.

Dzanja la Tabeth linakhwima kwambiri m'zaka zimenezo. Kaudzu kaja anakasiya, diso lokha linkayeza. Mzere wa msana ankaukoka kamodzi, osabwereza. Koma woona anali mmodzi yekha. Atsikana ankabwera kudzaphunzira kulemba nkhanga, iye nkuwaphunzitsa mokoma mtima, ndipo mmodzi akafunsa kuti nanga anthu mumalemba bwanji, ankati anthu ndi ovuta, zisiyeni. Zinkamuwawa, ndisakunamizeni. Pali masiku amene ankafuna kutsegula chitseko nkukokeramo aliyense wodutsa. Ndi Priscilla ankakhala bwino, kubwerekana sefa, kudwazikana, kupitira limodzi ku tchalitchi, koma nkhani ya khoma lija sanaitchulenso.

Cosmas anamwalira m'chilimwe, ndi chifuwa, ali nkhalamba, pa mphasa yake. Mikono inali iwiri yofanana mpaka tsiku lomaliza. Thupi analigoneka pa balaza, ndipo chitseko cha kuchipinda Tabeth anachimanga ndi chingwe. Pa maliro anakhala pamalo pake, mutu uli pansi, koma misozi sinabwere. Amayi a m'mbali mwake ankalira mpaka mawu kusasa, iye maso ali gwa. Sankachitira dala. Madzulo alionse ankamasula chingwe chija, kulowa, kukhala pa mphasa, ndipo mwamuna wake ankabwera kuchokera ku makoma onse. Akanalira bwanji munthu amene akumuona akufika? Anthu anaona maso oumawo ndipo anayamba kunong'onezana.

Atameta maliro, abale a Cosmas anati nyumba igwetsedwe. A tchalitchi ena anali atasiya mwambo umenewo, koma banja ili linkausungabe: mwini nyumba akapita, nyumba yake imutsatire, wamasiye ammangire ina. Anamuuza Tabeth kuti atulutse katundu, mawa abwera.

Apa mantha anamugwira. Khoma limodzi lokha linatsala pang'ono kumuthamangitsa pamudzi. Nanga chipinda chathunthu cha mikono yoduka ndi mapazi otupa, mwini wake atangoikidwa kumene, mkazi wake osagwetsa msozi? Akanati anamudya pang'onopang'ono zaka zonsezi. Pa ukalamba wake akanapita kuti? M'mawa kwambiri anapita kudambo, anakumba makande, anawasungunula m'beseni nkulowa nalo kuchipinda. Anaviika dzanja. Analikweza kufika pa Cosmas wa ndodo uja, matope akudonthera m'chigongono. Anaima choncho mpaka matope anayamba kuuma pa zala. Kenako anatulutsa beseni, anakhuthula kuseri kwa nyumba, anasamba m'manja nkukakhala pansi pa mtengo wa masau. Zibwere zimene zibwere, anatero mumtima, kawiri sindichita.

Amuna anafika ndi makasu ndi nkhwangwa, motsogozedwa ndi Jairos, mwana wa Priscilla. Anayamba ndi denga. Anakwera, anadula luzi, nkumagwetsa udzu mitolomitolo, kenako anachotsa phaso. Dzuwa linalowa m'nyumbamo koyamba chiimangireni. Jairos, amene anali pamwamba pa khoma, anayang'ana pansi kuchipinda ndipo anasiya kulankhula pakati pa mawu. Mnzake anamufunsa kuti waona chiyani. Iye anangoti, "Itanani amayi."

Priscilla anabwera ndi ndodo yake, wokalamba, wowerama. Nyumba yopanda denga sinalinso chipinda cha munthu, ndiye Jairos anadula chingwe nkumutsegulira. Tabeth anatseka maso pansi pa mtengo paja, kudikira mfuu.

Mfuu sinamveke. Atatsegula maso anaona Priscilla ali pakhomo la chipinda, ndipo mayiyo anachita chinthu chimene munthu amachita osaganiza: anapatukira kumbali, kupereka njira. Kenako anagwira mphuthu ya chitseko. Kuwala kunali ponseponse, zofiira zili psuu, zoyera zili mbee, ndipo kuchokera kutsogolo, kumanja, kumanzere, mlongo wake ankabwera, mnyamata, bambo, nkhalamba, wapafupi ndi wakutali. Palibe amene akanati ndi chilema, poti anali ambiri ndipo onse ankayenda.

"Cosmas," anatero Priscilla ndi mawu aang'ono. "Iwe, Cosmas."

Amuna aja anatsika mmodzimmodzi nkudzasuzumira pamwamba pa phewa lake. Wina anavula chipewa. Amayi amene anabwera kudzatola udzu anasonkhana kumbuyo, akukankhana mwakachetechete. Panapita nthawi Priscilla asanatembenuke, ndipo atatembenuka anayang'ana kumtengo wa masau.

"Mlamu," anaitana, "uyu wa njingayu ndi chaka chimene anagwera mu Lupande?"

"Chomwecho."

"Ndi iyeyo. Mpaka kakhalidwe kake kopendekera." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anatembenukira kwa mwana wake, mawu ake akale aja atabwerera. "Denga mwachotsa, mwambo wakwana. Makasuwo bwererani nawo. Makoma agwetsa ndi mvula."

Jairos anayamba kunena kuti akuluakulu anati, koma amayi ake anangomuyang'ana, iye nkunyamula khasu lake.

Masabata otsalawo a chilimwe nyumba yopanda denga ija sinasowe anthu. Ankabwera a m'mudzimo, a midzi yoyandikana, masikauti amene anagwira ntchito ndi Cosmas. Atsikana ophunzira nkhanga aja anabwera ndi timitengo tawo, ndipo Tabeth anawakhazika pa mchenga nkuwauza kuti ayambe ndi mzere wa msana. Tsiku lililonse Priscilla ankabwera ndi kampando kake, amayi awiriwo nkukhala m'katimo osalankhula zambiri. Kumwamba mitambo inkasonkhana masana nkubalalika madzulo, ndipo Tabeth ankaiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira ng'anjo ya moto pafupi ndi nkhokwe yake.

Mvula yoyamba inagwa masana, ya mphepo, yamadontho akuluakulu. Anthu anathawira m'makonde. Tabeth anatuluka m'kanyumba kake katsopano nkupita kukaima pakhomo la chipinda chija. Zoyera ndizo zinayamba kutsika, kenako zofiira. Ang'onoang'ono a kutali aja anazimirira msanga. Wa njinga anasungunuka kuyambira ku chipewa. Wa ndodo, amene anamulemba pomaliza, anakhalitsa pang'ono, kenako nkhope inatsetsereka, chikhatho chinatsatira, ndipo pa khoma panangotsala matope akuyenderera pansi. Tabeth anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Panalibenso amene ankabwera.

Mfuu yake inamveka mpaka kuchitsime. Priscilla anatuluka mu mvulamo wopanda chofunda, akuterereka ndi ndodo yake, anafika nkumugwira m'chiuno, ndipo anakhala pansi onse awiri m'matopemo. Amayi a m'makonde anamva, anayang'anana, kenako anayamba kutuluka mmodzimmodzi kupita kukamuthandiza Tabeth kulira mwamuna wake.